Mlonda wa Bokosi la Eliza

Filiji ya mu labotale inafa Lachisanu, itangokwana leveni koloko. Inayamba yalira ngati lole yokwera chitunda, kenaka inatsokomola kawiri n'kuti zii. Tiyese anaimenya m'mbali, anazula pulagi n'kubwezeramo, anainyengerera ngakhale ndi pakamwa. Ayi ndithu, inali itapita.

M'filijimo munali bokosi loyera, lalikulu ngati la nsapato, limene analidikira miyezi isanu ndi iwiri. Tiyese ankagwira ntchito yoyeza zinthu mu labotale ina ya kafukufuku mu Lilongwe, ndipo kwa milungu isanu ndi itatu anakhala akuweta makoswe oyera makumi anayi. Makumi awiri ankadya chakudya chawo cha masiku onse. Makumi awiri enawo ankawathirirako ufa wa usipa wopera ndi minga yomwe. Funso linali limodzi: kodi usipawo ukuthandiza mafupa kukula? Yankho linali m'magazi a makoswewo, amene anali atawatenga kale n'kuwasunga mu filiza. Koma chowerengera yankholo chinali bokosi lija, la timabotolo ta mankhwala ndi kambale ka timaenje 96. Dzina lake la m'mabuku ndi ELISA, koma pa labotalepo aliyense ankangoti Eliza.

Eliza anali ndi mwambo wake. Sankafuna kutentha, sankafunanso kuundana. Ankafuna pakati pa madigiri awiri ndi eyiti basi, choncho mu filiza sakanalowa. Filiji ina inalipo m'chipinda cha makina owerengera, koma kiyi wa chipindacho anali m'thumba la munthu amene anapita kumaliro ku Dedza, wobwera Lolemba.

Tiyese anaimbira foni mwini kafukufukuyo, Dokotala Rachel, amene anali pamsonkhano ku Blantyre.

"Mutengeni Eliza mupite naye kwanu," anatero Dokotala Rachel monong'ona. "Kwanu kuli filiji, eti?"

"Iliko, koma..."

"Basi. Lolemba m'mawa mumubweretse ali bwinobwino. Alipo yekhayo, mukudziwa. Akawonongeka, wina tidzamuona chaka cha mawa, makoswe atamera imvi."

Foni inaduka Tiyese asanamalize "koma" wake, pamene komayo anali wamkulu. Filiji ya kwawo ku Area 25 inali yakale kuposa iye, ndipo inkadziwa ntchito imodzi yokha, youmitsa. Ukaikamo dzira madzulo, m'mawa unkatha kugendera galu.

Anakulunga bokosi m'thaulo lonyowa, analiika m'chikwama pamodzi ndi katemomita ka chingwe, n'kukakwera minibasi. Ulendo wonse chikwama chinali pamiyendo, kumbali yopanda dzuwa, ndipo kondakitala atati achiike kumbuyo kwa matumba a makala, Tiyese anamuyang'ana mpaka mwini wake anangoti pepani.

Kunyumba anapeza bambo ake, a Pemphani, ali pakhonde, mwendo wa chikhakha uli pa kampando. Anathyoka mwendowo mwezi wathawu, njinga ya kabaza itawagwetsa pafupi ndi msika wa Nsungwi, ndipo kuyambira pamenepo ntchito yawo inali yokhala pakhondepo n'kumapeza zifukwa aliyense wodutsa. A Pemphani, mwamuna wa ku Ntcheu, anagwira zaka makumi atatu ndi chimodzi ku Kanengo akusankha fodya m'magiredi, ndipo za ntchito ya mwana wawo anali ndi chiganizo chimodzi chimene ankauza alendo onse: "Ana a anzanga anaphunzira kuchiza anthu. Wanga anaphunzira kuphikira makoswe."

"Lero waweruka msanga," anatero. "Mabwana ako adya kale?"

"Adya, Ababa. Ndabwera ndi Eliza, akhala nafe mpaka Lolemba."

A Pemphani anakonza kolala ya malaya n'kusuzumira kugeti. "Nanga wamusiyiranji panja mwana wa eni ake? Muuze alowe."

"Ali muno." Tiyese anatsegula chikwama.

A Pemphani analiyang'ana bokosilo nthawi yaitali. Pamwamba pake panali chithunzi cha khoswe woyera wa maso ofiira, ndevu zili nyomi, ndipo m'munsi mwake munalembedwa mawu akuti osteocalcin. Anayesa kuwawerenga, anafika pakati n'kuwasiya.

"Ndi chiyani chimenechi?"

"Ndi kanthu kamene fupa limataya m'magazi likamamangika. Mukadutsa pa kalipentala n'kuona utuchi wambiri pansi, mumadziwa kuti ntchito ikuyenda ngakhale simunaone mpando. Eliza amayeza utuchi wa mafupa."

"Wa makoswe."

"Wa makoswe, Ababa."

"Bambo ako ali pano ndi fupa lothyoka lenileni, iwe ukukayeza utuchi wa khoswe wosathyoka."

Tiyese analibe nthawi yokangana. Anawoloka msewu kupita ku butchala ya Che Abdullah, mwamuna wa ku Mangochi amene anakhala moyang'anana nawo kuyambira iye ali kusukulu ya pulayimale. Filiji yawo inali ya chitseko cha galasi, yozizira mwaulemu, ndipo temomita itaikidwamo inaonetsa madigiri anayi. Che Abdullah sanafunse zambiri.

"Mwana wa a Pemphani ndi mwana wanga," anatero. "Ika m'munsimo, pambali pa chiwindi."

Ola silinathe. Tiyese akuthira madzi a tiyi anamva geti likulira, ndipo atatuluka anaona Che Abdullah akulowa chobisalira, bokosi lili kunsi kwa epuloni ngati nkhuku yakuba.

"Mwanangu," anatero akupuma mwamphamvu, "zaka makumi awiri ndikugulitsa nyama pano, palibe amene anandifunsapo kuti ndi nyama yanji. Lero Amayi Veronica andifunsa. Aona khoswe pagalasi, abweza hafu kilo yomwe ndinali nditawayezera kale, atuluka chobwerera m'mbuyo."

"Mukanalitembenuza, Che Abdullah."

"Ndinalitembenuza! Kumbuyoko kulinso wina, wamkulu kuposa woyambayo."

A Pemphani anaseka mpaka chikhakha chinagwa pa kampando. Koma Che Abdullah sanali munthu wosiya mnzake panjira. Anawabwereketsa kulabokosi wawo wabuluu, uja amatengera nyama kumaukwati, nalonjeza kuti ayezi azichokera mu filiza yawo maola anayi alionse. Tiyese anayala ayezi pansi, pamwamba pake anaikapo thaulo lopindapinda kuti asakhudze bokosi, analowetsa chingwe cha temomita n'kutseka. Kagalasi koonetsa manambala kanatsala panja. Kanayamba ndi 11, kenaka 8, n'kudzakhazikika pa 5.

"Nambala imeneyi isadutse eyiti, isatsike kupitirira thuu," anatero Tiyese. "Ikakwera tiwonjezera ayezi, ikatsika tichotsako."

"Akuyang'anira ndani?" anafunsa a Pemphani.

"Ine."

"Iwe amene umaiwala ndiwo pamoto mpaka anansi abwere? Bweretsa kope ndi rula."

Mmene dzuwa linkalowa, a Pemphani anali atasamukira pabalaza, kulabokosi ali pambali pa mpando wawo. M'kope munali mizere itatu yowongoka: Nthawi, Madigiri, Ndemanga. Analamula kuti makatani atsekedwe, mbaula ipite kuseri kwa nyumba, ndipo aliyense wolowa azitsegula chitseko pang'ono. Kutacha Loweruka, Tiyese anapeza masamba awiri atadzaza. Pa ndemanga penapake panalembedwa kuti "Ali phee." Penanso, "Wakwera pang'ono, ndamudzudzula."

Cha m'ma naini, Tiyese atapita kukachapa kuseri, Amayi Veronica anagogoda. Anali mnansi wa nyumba yachitatu, mayi wa mvano wodwala maondo, ndipo anabwera kudzauza a Pemphani zimene maso awo anaona ku butchala. Sanapatsidwe mpata.

"Musatsegule kwambiri, Amayi, mulowetsa kutentha!" anakuwa a Pemphani ali mumdima wa makatani. "Eliza safuna kutentha."

"Eliza uti?"

"Woyeza mafupa. Wabwera pandege, tamudikira miyezi seveni. Ali nafe mpaka Lolemba basi."

Amayi Veronica anatseka chitseko mwaulemu, pang'onopang'ono, n'kunyamuka ndi liwiro limene maondo awo anali asanalionepo chaka chimenecho.

Masana Tiyese anapita kukatenga ayezi, ndipo anachedwako pang'ono pothandiza Che Abdullah kumuswa. Pobwera anapeza anthu khumi ndi mmodzi atakhala pamzere m'mbali mwa mpanda, mabuku a kuchipatala ali m'manja. Pakati pawo panali amayi a mvano anayi, mlonda wa pasukulu yemwe phewa lake linkalira akakweza mkono, ndi a Tahir, telala wopuma amene msana wake unapindikira pamakina. Onse anavala zoyenera kuonana ndi dokotala.

"Kwagwanji?" anafunsa Tiyese.

"Tadzera a Dokotala Eliza," anatero Amayi Veronica, amene anali woyamba pamzere. "Akuti ndi mzungu, ndiye kutentha kwa kuno kukuwasowetsa mtendere. Ife tidikira, asafulumire."

Tiyese anaima ndi beseni la ayezi likudontha pamapazi pake. Kenaka analowa m'nyumba.

"Ababa, mwawauza chiyani anthuwa?"

"Ine ndanena zoona zokhazokha," anatero a Pemphani osachotsa maso pa temomita. "Sikisi. Fulumira ndi ayeziyo."

Panalibe njira ina koma kuwaonetsa. Anawalowetsa pabalaza atatuatatu, n'kutsegula kulabokosi kamphindi kochepa, a Pemphani akuwerenga masekondi mokweza kuti chivundikiro chisakhalitse chotsegula. Amayi Veronica atasuzumira analumpha.

"Si yemwe uja ndinamuona kwa Che Abdullah uyu? Mayo ine, ndiye ndawanenera zoipa abambo aja msika wonse!"

"Mukawabwezere mawu awo msika wonsenso," anatero a Pemphani. "Tseka, Tiye, masekondi akwana teni."

Anthu anabwerera panja ali khuma. A Tahir okha ndi amene sanafune kugonja.

"Mwanangu, ndifunse. Ngati chinthuchi chimatha kuyeza khoswe, kanthu kochepa chonchi, chingalephere munthu wamkulu ngati ine? Timaenje mwati tilipo naintesikisi. Kamodzi kokha."

"Tonse tili ndi eni ake, Abambo. Khoswe aliyense amatenga tiwiri, ndiye eyite tapita. Totsalato ndi ta miyezo yofanizira. Komanso mankhwala ali m'timaenjemo amazindikira utuchi wa khoswe yekha. Wa munthu amangoudutsa ngati sakuudziwa."

"Ndiye kuti ngakhale ine bambo ako wokubereka?" anafunsa a Pemphani ali m'nyumba.

"Ngakhale inu, Ababa."

"Lembani zimenezo, a Tahir. Tafika pamenepa."

Tiyese ankaganiza kuti anthuwo abalalika, koma palibe anadzuka. Mayi wina anafunsa kuti nanga makoswewo akuwayezeranji, ndipo asanayankhe, a Pemphani anatulukira pakhomo ndi ndodo zawo n'kuyamba kufotokoza za kalipentala ndi utuchi ngati anazitulukira okha. Anawonjezeramo zawo. Ananena kuti makoswe a usipa ayamba kale kuyenda modzitama, zimene Tiyese anatsutsa, koma sanamveke. Nkhani ya usipa inawagwira mtima anthuwo, chifukwa usipa onse ankaudziwa, ndipo ena ankaudya mwamanyazi pakati pa mwezi. Ngati kunali chinthu chobwera pandege kudzaikira umboni usipa, iwo ankafuna kumva chigamulo.

"Zotsatira zituluka liti?" anafunsa mlonda wa pasukulu.

"Lolemba madzulo," anatero a Pemphani. "Ngati Eliza afike wamoyo."

Lamulungu a Pemphani sanapite kutchalitchi. Anatumiza uthenga woti ali ndi wodwala. Zonse zinayenda bwino mpaka cha m'ma leveni, pamene Che Abdullah anabwera manja ali m'chiuno. Magetsi anali atazima kuyambira mbandakucha mbali zonse ziwiri za msewu, ayezi wambiri wa mu filiza anali atasungunuka, ndipo wotsalayo anali wotetezera mbuzi ziwiri za pa chinkhoswe cha munthu. Kunja dzuwa la Okutobala linali likuswa mtengo. Temomita inaonetsa 6, kenaka 7.

Tiyese anathamangira ku filiji yawo youmitsa ija, koma nayonso inali chete, ikudontha madzi pansi. Anapita ku magolosale awiri, sanapeze kanthu. Pobwera anapeza nambala ili pa 7.5, bambo ake akupepesera kulabokosi mphepo ndi katoni, thukuta lili kamukamu.

"Sizithandiza zimenezo, Ababa."

"Nanga ndingokhala?"

Aka kanali koyamba kuti Tiyese aone bambo ake akuchita mantha ndi kanthu ka kuntchito kwake. Anaganiza za miyezi isanu ndi iwiri ija, za Loweruka lililonse limene anapita kukasesa zitosi za makoswe anzake ali kumaukwati, za mawu a Dokotala Rachel pafoni. Anakhala pansi pafupi ndi bokosi.

A Pemphani anatenga ndodo zawo, anatuluka mpaka pamsewu, n'kuima pakati penipeni. Inali nthawi imene anthu amachokera kumapemphero.

"Eliza akutentha!" anakuwa. "Aliyense amene ali ndi chozizira!"

Amayi Veronica ndi amene anayamba kufika, akadali mu yunifomu ya mvano, atanyamula nkhuku yathunthu youma gwa ngati mwala. Nyumba yawo inali pa laini ina, imene magetsi anali asanazime. Mayi wogulitsa mafirizi pasukulu anabwera ndi ndowa ya mafirizi ofiira ndi achikasu. A Tahir anabweretsa mabotolo awiri a madzi oundana ndi paketi ya masamusa. Tiyese anayala zonsezo pansi ndi m'mbali, thaulo pakati, n'kutseka. Anthu anadzaza pabalaza, maso onse pa kagalasi, ngati akuonera mapenate. 7.8. Inakhala pamenepo kanthawi. 7.4. 6.9. Itafika pa 5, amayi a mvano anaimba nthungululu, ndipo a Pemphani anawaletsa chifukwa mpweya wawo unali wotentha.

M'kope analembamo kuti: "Wapulumutsidwa ndi nkhuku ya Amayi Veronica."

Lolemba m'mawa Tiyese anapeza bambo ake atavala jekete ndi tayi, buluku atalipinda mwendo umodzi pamwamba pa chikhakha.

"Mukupita kuti?"

"Kukapereka katundu. Ine sindinasiyepo belo la fodya panjira."

Che Abdullah ankapita cha komweko kukagula mbuzi, ndiye anawatenga pa kapikapu kawo. A Pemphani anakhala kutsogolo, kulabokosi pamiyendo, akuuza mwini galimoto maenje oti azembe. Ku labotale, munthu wa kiyi uja anali atabwera kuchokera kumaliro. Malamulo sankalola mlendo kufika pa tebulo loyezera, choncho a Pemphani anawaveka gawuni loyera n'kuwakhazika pampando pafupi ndi chitseko, pamene ankatha kuona zonse.

Tiyese anatulutsa timachubu ta magazi mu filiza kuti tisungunuke. Sanali magazi ofiira ayi, koma timadzi tachikasu totsala magazi akagwirana. Anatsegula kambale kaja. M'mizere iwiri ya kumanzere anathiramo miyezo yofanizira, yomwe mphamvu yake inali yodziwika kale, kuyambira yopanda kanthu mpaka yamphamvu kwambiri. Kenaka anayamba makoswe, mmodzimmodzi, timaenje tiwiri aliyense, ndi kachida kotapira timadontho. Posintha khoswe ankasinthanso kansonga ka kachidako. A Pemphani atatsegula pakamwa, Tiyese anangokweza chala, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo bambowo anamvera.

Anaphimba kambaleko n'kukaika m'kabati yofunda. Anadikira ola ndi theka. Anatsuka timaenje katatu, anathira mankhwala ena, anadikira ola. Anatsukanso, anathiranso, anadikiranso.

"Ndiye ntchito yako ndi kutsuka mbale ndi kudikira?" ananong'ona a Pemphani.

"Kwambiri ndi kumeneko."

"Ukanandiuza kale. Ine ndimayesa umangowaphikira."

Cha m'ma wani koloko anathira mankhwala oyera ngati madzi n'kubisa kambaleko mu dirowa, chifukwa gawo limeneli silifuna kuwala. Patapita mphindi khumi ndi zisanu anakatulutsa. Timaenje tonse tinali titasanduka tabuluu, tina towala, tina tozama. A Pemphani anadzuka pampando osagwira ndodo. Tiyese anathira dontho lomaliza loimitsira, ndipo buluu uja anasanduka wachikasu, enje ndi enje, kutsatira dzanja lake.

Anakabweretsa pafupi ndi chitseko kuti bambo ake aone. A Pemphani anavala magalasi awo.

"Awa a kumanzerewa ndi zitsanzo, eti? Ngati masamba amene tinkapachika pamwamba pa tebulo, kuti ukagwira tsamba uziyerekeza?"

"Ndi momwemo."

"Ndiye wozama chikasu ndi wa utuchi wambiri." Anayendetsa chala m'mwamba osakhudza. "Uyu ndi lemoni. Uyu olenji. Uyu giredi yabwino, akanakhala fodya mlimi akanamwetulira." Chala chinaima. "Koma uyu wa mzere wachinayi ali ndi diso. Mnzake alibe."

Tiyese anayang'anitsitsa. Pakati pa enjelo panali kathovu kakang'ono ngati njere ya mpiru. Makina amawerenga poponya kuwala kudutsa m'madziwo, ndipo kathovuko kakanawanamiza. Anatenga singano yatsopano n'kukaphulitsa.

"Zikomo, Ababa."

"Zaka sate wani," anatero a Pemphani, akubwerera pampando.

Makina owerengera anameza kambale, analira pang'ono, n'kukalavula. Manambala anadzaza pa kompyuta.

"Atha?" anafunsa a Pemphani.

"Atha."

"Ine masiku atatu osagona bwino, iwo masekondi teni? Awerengenso."

Tiyese anakhala pa kompyuta pafupifupi ola, akuyerekeza nambala ya khoswe aliyense ndi miyezo ija. Miyezoyo inakwera bwinobwino motsatana, umboni woti Eliza sanawonongeke panjira. Zotsatira zake sizinali zoimbira nthungululu. Kuwatenga onse pamodzi, makoswe a usipa anali pamwamba pang'ono. Koma m'gulu la chakudya wamba munali atatu amene anaposa ambiri a usipa, ndipo m'gulu la usipa munali wina waulesi amene anali pansi pa onse.

Anatumiza manambalawo kwa Dokotala Rachel, ndipo iwo anaimba nthawi yomweyo. Tiyese anaika foni pa sipika kuti bambo ake amve.

"Mwagwira ntchito yaukhondo," anatero Dokotala Rachel. "Zikulozera kwabwino, koma sitinganene kanthu motsimikiza. Kusiyanako n'kochepa, mwina ndi mwayi chabe. Makoswe achepa. Tidzabwerezanso ndi ambiri."

"Funsa za waulesi uja," ananong'ona a Pemphani. "Mwina ankapatsa anzake."

Atafika kunyumba cha m'ma faivi anapeza anthu a Loweruka aja ali pampanda, atawonjezekera ena asanu. Tiyese anabweza nkhuku, imene tsopano inali yofunika kuphikidwa tsiku lomwelo, n'kunena mwachidule kuti yankho silinadziwike bwino, ndipo za makoswe si za anthu. Kenaka analowa kukasamba, mutu ukuwawa. Ali kubafa ankamva mawu a bambo ake pakhonde.

"Usipa ukutsogola, koma mpira sunathe. A dokotala anena okha, ine ndikumva ndi makutu angawa. Vuto ndi limodzi. Makoswe achepa."

Zotsatira zake sanazimve, chifukwa anali atatsegula mpopi.

Lachiwiri m'mawa, atatsegula chitseko kuti azipita kuntchito, anapeza pakhonde pali ndowa zitatu zovundikira, iliyonse ili ndi njerwa pamwamba, ndi thumba la saka lomanga kukamwa limene linkayenda lokha. Eni ake anaima kumbuyo, nkhope zowala.

"Anga ndi awiri," anatero Amayi Veronica. "A m'khitchini, onenepa bwino. Usipa amaudziwa kale, amandibera."

"Anga atatu," anatero a Tahir, akuloza saka. "Wina ndi wolusa, mumusamale."

Kutsidya kwa msewu Che Abdullah anaima pakhomo la butchala, manja ali m'mwamba. "Ine sindinabweretse!" anakuwa kuti msewu wonse umve. "Ndipo sindikanabweretsa, chifukwa muno mulibe!"

Tiyese anaika chikwama pansi. Anafotokoza mofatsa kuti makoswe a kafukufuku amabadwira mu labotale momwemo, makolo awo ndi odziwika, msinkhu ndi umodzi, alibe matenda, ndipo ndi oyera aja.

"Ndiye ngakhale makoswe mukusankha khungu?" anafunsa Amayi Veronica.

"Si choncho, Amayi. Chonde, bwererani nawoni."

"Ndibwerere nawo kuti? Kunyumba kwanga? Ndawasaka kuyambira dzulo!"

Onse anagwirizana nazo. Palibe amene anafuna kunyamula ndowa yake. Tiyese anayang'ana bambo ake, amene anali atatulukira pakhomo ndi ndodo zawo ndipo mwadzidzidzi ankachita chidwi ndi denga.

"Ababa, alendo anu awa. Ine ndachedwa."

Anatola chikwama n'kutuluka pageti. Asanafike pamsewu waukulu anamva a Tahir akukuwa kuti saka labooka, kenaka ndowa ikugubuduka pasimenti, kenaka mawu a bambo ake pamwamba pa onse: "Tsekani chitseko! Walowa! Amayi Veronica, kuseri kwa sofa uko!"

Minibasi ya m'tauni inali itaima pasiteji, mpando wa pawindo uli wopanda munthu. Tiyese anakwera.